Mtengo wa Mtengo

Chinyanja chili ndi liwu limodzi limene limasenza akatundu awiri. Tikati "mtengo" tingatanthauze chomera chokhala ndi mizu, thunthu ndi masamba. Tingatanthauzenso ndalama imene wogulitsa pa msika wa Soweto afuna kuti timupatse. Tsono funso lakuti "mtengo wa mtengo ndi zingati?" limamveka ngati nthabwala ya ana a sukulu. Koma aliyense amene amasonkha mbaula ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mtendere amaliyankha m'mawa uliwonse, afune asafune.

Pansi pa funsolo pali lina lovuta kwambiri. Kodi munthu ayenera kutenga zochuluka motani kwa chinthu chimene sichingakane? Mnzako ukamulanda amakuwa. Mbuzi ukaimenya imathawa. Mtengo sukuwa, suthawa, ndipo supita kwa amfumu kukadandaula. Malire onse ali m'manja mwa amene wagwira nkhwangwa. Kuti tione mmene ena anaikira malirewo, tiyambire kutali, kumene ambiri a ife sitidzafikako, kenaka tibwerere kwathu ku chigwa cha Luangwa.

Kumpoto kwenikweni kwa Ulaya, m'maiko a Norway, Sweden, Finland ndi kachigawo ka Russia, kuli anthu otchedwa Asami. Ndiwo eni nthaka kumeneko, odziwika ndi usodzi, ulenje ndi kuweta nyama za nyanga zanthambi zotchedwa reindeer. Dziko lawo ndi lozizira koopsa. Miyezi yambiri nthaka imakhala itakwiririka ndi chipale, ndipo chimanga sichingamereko. Nkhalango zake zambiri ndi za paini, mtundu wokula pang'onopang'ono umene umatha kukhala zaka mazana angapo.

Chaka ndi chaka, cha mu Juni, pamene khungwa limasendeka mosavuta, Asami anali kupita ku mitengo imeneyi ndi chida cha fupa kapena cha nyanga. Anali kusenda chigamba cha khungwa chotalika pafupifupi mita imodzi, n'kupala mnofu wofewa wa m'kati mwake. Mnofuwo anali kuudya wauwisi, kapena kuuyanika ndi kuusinja, kapenanso kuukulunga ndi kuuwotcha m'dzenje. Unali kulowa mu mkaka wa reindeer ndi mu msuzi wa nsomba kapena wa nyama. Kwa iwo chinali chakudya cha chaka chilichonse, chopatsa thupi zimene nyama ndi nsomba pazokha sizipatsa. Tizigamba tating'ono anali kukulungiramo mitsempha youma imene anali kusokera zovala.

Chofunika pa nkhani yathu ndi chakuti sanali kusenda mozungulira thunthu lonse. Anali kusiya mzere wa khungwa lamoyo wochokera pansi kufika pamwamba. Amene anaphunzira sayansi ku sekondale adziwa chifukwa chake. Chakudya chimene masamba apanga chimatsikira ku mizu kudzera m'khungwa lam'kati. Ukasenda mozungulira wadula njira, mizu imafa ndi njala, mtengo n'kuuma uli chiimire. Ukasiya mzere, njira imatsala, mtengo umapola m'mbali mwa bala ndi kupitiriza kukula. Akatswiri a ku Sweden, monga Lars Östlund, Olle Zackrisson ndi Ingela Bergman, afufuza zipsera zotere m'madera ngati Arjeplog. Powerenga mizere ya zaka ya m'thunthu anapeza zipsera zoyambira m'zaka za m'ma 1400 kufika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mitengo ina yokhala ndi zipsera ili moyo mpaka lero. Wosendayo anafa kalekale, dzina lake linaiwalika, koma mtengo umene anadyako ukali kubala masamba.

Alimi oyandikana nawo analinso kudya khungwa la paini, makamaka pa njala, monga ija yaikulu ya ku Finland ya 1866 mpaka 1868. Iwo kawirikawiri anali kugwetsa mtengo n'kuusenda wonse kuti apeze ufa wosakaniza mu buledi. Mtengo ndi womwewo, chakudya ndi chomwecho, koma wina anasiya chipsera, wina anasiya chitsa.

Tsopano tibwere kwathu. Dziko la Mfumu Mwape lili m'chigwa cha Luangwa, m'boma la Nyimba, limene kale linali mbali ya Petauke. M'boma lomwelo muli maiko a mafumu Luembe, Nyalugwe ndi Ndake. M'chigwa muli mitengo ya mopane, milambe, masau ndi bwemba. Ukakwera m'mapiri upeza nkhalango ya miombo. Mu 1964 wansembe wina, Bronisław Stefaniszyn, anatulutsa mabuku awiri onena za moyo ndi zipangizo za Aambo, anthu a m'zigwa za Lukusashi ndi Luangwa okhala moyandikana ndi Ansenga. Koma sitifunika buku kuti tidziwe zimene mtengo unali kwa anthu a kumeneko. Funsani ambuye anu. Nsalu za m'sitolo zisanachuluke, anthu anavala nyanda, khungwa losulidwa ndi chibonga mpaka litafewa. Denga linamangidwa ndi luzi. Mtondo ndi munsi, mpini wa khasu, ngalawa yowolokera Luangwa, ng'oma ya ku chinamwali, mankhwala a m'mimba, zonsezi zinachokera m'thengo. Mwana anabadwira pa mphasa, nkhalamba inapita ku manda itakulungidwa mu mphasa yomangidwa ndi luzi.

Nakonso kunali mizere yosiyira mtengo. M'madera ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa, sing'anga wodziwa ntchito anali kusenda khungwa la mankhwala kum'mawa ndi kumadzulo kokha. Ukafunsa chifukwa, yankho linali lakuti khungwa la mbali zina lilibe mphamvu, kapena lakuti mtengo ukafa wodwalayo sachira. Kaya munthu akhulupirira zimenezo kaya ayi, zotsatira zake ndi zomwe zija za ku Arjeplog: njira ya chakudya imatsala mbali ziwiri. Wofukula muzu anali kutengako pang'ono ndi kukwirira dzenje. Wothyola munda watsopano anali kusiya msuku, mkuyu, bwemba ndi mlambe zili chiimire pakati pa mapira. Ku manda kunalibe wolowetsako nkhwangwa wamba, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero m'midzi yambiri ya kum'mawa mitengo ikuluikulu yatsalira ku manda.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, mwayamba kutamanda zakale monga amachitira akuluakulu onse." Ali ndi mfundo, ndipo tiyenera kuimva. Makolo athu sanali angelo a m'nkhalango. Mng'oma wa njuchi wa khungwa umapangidwa posenda thunthu mozungulira, ndipo mtengowo umafa. Nyanda yaikulu inafuna khungwa lambiri. Minda inathyoledwa ndi nkhwangwa ndi moto. Kusiyana kwake n'kwakuti anthu anali ochepa, thengo linali lalikulu, ndipo kunalibe lole yobwera kudzagula nkhalango yonse pa kashi. Pa kalembera wa 1969, Zambia inali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2022 tinali 19.6 miliyoni. Zimene thengo linali kukhululukira anthu 4 miliyoni silingathe kukhululukira ife. Choncho kubwerera ku zakale sikungatheke, ndipo sindiko kumene ndikupempha.

Chimene ndifuna tione ndi gwero la mzere uja. N'chifukwa chiyani munthu wanjala, ali yekha m'nkhalango, popanda wapolisi kapena mlonda, analeka kusenda pamene khungwa lina linalipo? Yankho limene ndiliona ndi lakuti anali kuyembekezera kudzauonanso mtengowo. Asami anali kuyenda ndi nyengo, koma anali kubwerera ku misasa yomweyo chaka ndi chaka, mbadwo ndi mbadwo. Sing'anga wa kwa Mwape anadziwa kuti mwana wina adzadwala chaka chamawa, ndipo mtengo wa mankhwalawo suli paliponse. Mayi wosiya msuku m'munda anadziwa amene adzatola masukuwo. Onsewa anali kuchita ndi mtengo monga umachitira ndi mnansi amene udzakumana naye mawa pa chitsime. Wodutsa alibe chifukwa chotere. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu potikumbutsa kuti mlendo sakhalitsa. Koma mlendo wobwera ndi sowo ya injini, ngakhale asakhalitse, amasiya bwinja.

Mbiri ya ku Sweden ili ndi mbali ina yowawa. Pakati pa zaka za m'ma 1800, makina ocheka matabwa oyendera nthunzi anayamba kuchuluka m'mbali mwa nyanja, ku Sundsvall ndi kwina, ndipo mitengo ikuluikulu ya paini ya kumpoto inasanduka chuma chotumiza kunja. Thunthu lokhala ndi chipsera silipereka thabwa labwino. Cha m'ma 1870 boma linaletsa kusenda khungwa pa malo a boma, ndipo pofika kumapeto kwa zaka zana limenelo mwambowo unazimirira, pothandizidwanso ndi kubwera kwa ufa ndi shuga za m'sitolo. Taonani mmene zinakhalira. Amene anali kutengako pang'ono ndi kusiya mtengo uli moyo ndiye anatchedwa wowononga. Amene anali kugwetsa nkhalango yathunthu anali ndi chilolezo ndi chidindo. Lamulolo linateteza mtengo wa pa msika, ndipo mtengo wa mizu unagwa.

Zotere si zachilendo kuno. M'zaka za m'ma 2010 malonda a mukula opita ku China anakula mofulumira m'Zambia, kufikira boma linaletsa kuutumiza kunja mu 2017. Kafukufuku amene mabungwe a CIFOR ndi IIED anatulutsa mu 2018 anaonetsa kuti anyamata odula mitengoyo m'midzi anali kulandira kagawo kakang'ono chabe ka ndalama zimene chipika chimagulidwa chikafika kutsidya la nyanja. Pa makala ndi chimodzimodzi. Amene amaoneka ndi maso, amene amalandidwa njinga pa msewu, ndi wowotcha uja wakuda ndi mwaye. Amene amadya phindu lalikulu saoneka. Ndipo amene amachititsa malonda onsewo, wogula, sadziona konse kuti ali m'nkhaniyi.

Wogulayo ndi ife a m'komboni. Yendani pa Great East Road kuchokera ku Petauke, kudutsa Nyimba, Kacholola, mlatho wa Luangwa, Rufunsa mpaka Chongwe. Masaka a makala, amene m'tauni timati malasha, ali ndondondo m'mbali mwa msewu, onse ayang'ana ku Lusaka. Pa uvuni wa dothi, kilogalamu imodzi ya makala imadya nkhuni zolemera makilogalamu pakati pa 5 ndi 10. Kapulasitiki ka makala kamene timagula pa kantemba madzulo kanali nthambi yaikulu ya mopane kapena ya mombo. Ife sitinaone mtengowo uli chiimire, ndipo sitidzaona chitsa chake. Pakati pa mbaula yathu ndi nkhwangwa ya ku Nyimba pali makilomita opitirira 300, ndi anthu anayi kapena asanu opatsirana thumba. Aliyense wa iwo angathe kunena moona kuti, "Ine ndangochita kagawo kanga." Wodula ati ana ali ndi njala. Wa lole ati wangonyamula. Wa pa msika ati wangogulitsa. Ife titi tangophika nsima. Onse anena zoona, koma phiri layera.

Apa ndi pamene pali vuto la nthawi yathu. Manja athu atalika, afika kwa Mwape tili ku Matero. Koma chikumbumtima chathu chimathera pamene maso athera. Tasanduka odutsa m'nkhalango imene sitinaipondemo.

Pali kutsutsa kwina kwamphamvu kuposa koyamba kuja. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chimene chinagwa ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anachepa ku Kariba, ndipo malaiti anali kuzima maola opitirira theka la tsiku. Kodi mayi wamasiye wokazinga vitumbuwa kuti alipire lendi timuuze kuti aganizire mopane? Kodi mlimi wa kwa Mwape amene chimanga chake chinapserera m'munda, kapena chimene njovu zinadya usiku umodzi, timuuze kuti ana agone ndi njala kuti thengo likhale? Amene wakhuta n'kumaphunzitsa wanjala za chilengedwe ayenera kuchita manyazi. Alimi a ku Finland aja sanagwetse paini chifukwa cha nkhanza. Njala ikafika pakhosi, mawa limaoneka kutali.

Ndivomereza zonsezo, komabe sizithetsa nkhani. Zimangotiuza kuti mlandu sugawidwa mofanana. Udindo wa munthu umakula molingana ndi mpata wosankha umene ali nawo. Wamasiye uja mpata wake ndi wochepa, ndipo mlandu wake ndi wochepa. Wamalipiro a pamwezi amene angathe kugula gasi koma akonda makala chifukwa ndi otchipa ali ndi funso loti ayankhe. Mwini malole ali ndi lalikulu kuposa pamenepo. Amene amasaina zilolezo ndi amene amakonza za magetsi a dziko ali ndi lalikulu koposa onse. Kunena kuti "tonse ndife olakwa" kumabisa akuluakulu kumbuyo kwa osauka. Kunena kuti "palibe wolakwa, ndi umphawi" kumatipatsa tonse chilolezo. Ndiponso tisaiwale kuti nkhalango ikatha, woyamba kuvutika ndi wosauka yemweyo: mkazi woyenda mtunda wautali kukatola nkhuni, mwana wosowa bowa ndi masuku, mudzi umene mtsinje wake wauma mu Ogasiti.

Mwayi umene tili nawo ndi wakuti miombo ndi yokhululuka. Mosiyana ndi paini wa Asami, mitengo yambiri ya miombo ndi mopane imaphukanso pa chitsa. Ngati wodula adula bwino, osatentha chitsa, nasiya mitengo ina yobala mbewu ndi ya m'mbali mwa mitsinje, ndipo mudzi uteteza mphukira ku moto waukali wa mu Okutobala potentha tchire msanga udzu usanaumitsitse, thengo limabwerera. Limafuna zaka makumi awiri kapena atatu, koma limabwerera. Umenewo ndiwo mzere wa khungwa wa masiku ano. Ukoma wake ndi wakuti sunena kuti "usadule". Asami anadya, makolo athu anavala ndi kumanga. Umangonena kuti utenge mosiya njira yakuti moyo upitirire.

Zida zina zilipo kale. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu lovomerezeka losamalira nkhalango yawo ndi kupindula nayo. Bungwe la COMACO, limene limagwiranso ntchito ku Nyimba, limagula uchi ndi mbewu kwa alimi olonjeza kusunga thengo ndi nyama, ndipo ming'oma ya matabwa imapereka uchi popanda kusenda mtengo. M'maiko a mafumu Luembe ndi Nyalugwe muli ntchito zolipira midzi ndalama chifukwa chosunga mitengo ili chiimire, ndalama zochokera kwa makampani akunja ofuna kulipira utsi umene amatulutsa. Zonsezi n'zothandiza, chifukwa zimachititsa mtengo wamoyo kukhala ndi phindu looneka. Koma tichenjere. Ngati chifukwa chokha chosungira mtengo ndi mtengo wake pa msika, tsiku limene wogula makala kapena matabwa adzapereke zambiri kuposa wogula mpweya, nkhwangwa idzabwerera. Ndalama ingathandize lonjezo kuti liime, koma siingalowe m'malo mwa munthu wonena kuti, "Pano ndi pathu, tidzakhalapobe, ndipo adzukulu adzafuna mthunzi."

Nanga wachinyamata wa m'komboni angachite chiyani? Zina ndi zazing'ono ndipo zimapulumutsa ndalama. Mbaula yomatidwa dongo m'kati imadya makala ochepa kuposa ya chitsulo chokha yobowoka mbali zonse. Nyemba zonyikidwa m'madzi usiku zimapsa msanga. Poto wovundikira sataya moto. Makala otsala mukaphula nsima angazimitsidwe ndi kusungidwa. Zina ndi zazikulupo. Ambiri a ife tili ndi kumudzi ku Petauke, ku Nyimba, ku Katete. Timatumizako ndalama pa foni, timapitako pa maliro ndi pa Khirisimasi. Mawu athu amamveka kumeneko. Tingathe kufunsa amalume ngati thengo la banja likupatsidwa nthawi yophuka, ndi kufunsa anyakwawa ngati mudzi uli ndi gulu la nkhalango. Tingathenso kufunsa amene amabwera kudzapempha voti kuti adzachita chiyani kuti gasi ndi magetsi zitsike mtengo, pakuti mayi wa vitumbuwa sadzasiya makala chifukwa cha ulaliki, adzawasiya akapeza china chimene thumba lake lingakwanitse.

Koposa zonse, tingathe kukana kukhala odutsa. Munthu angakhale ku Lusaka moyo wake wonse koma n'kumadziwa kuti nsima yake yapsa ndi mtengo wa kwinakwake, umene unali ndi malo ake, mbalame zake ndi anthu ake. Kudziwa kumeneko sikuzimitsa mbaula, koma kumasintha kuchuluka kwa makala amene uthirapo, ndi mafunso amene ufunsa.

Akatswiri a ku Sweden akaboola thunthu la paini wakale amawerenga chaka chenicheni chimene munthu anadyako, ndi zaka zonse zimene mtengowo unakhala pambuyo pake. Nkhalango imasunga mbiri ya anthu amene anaigwiritsa ntchito. Ya kwa Mwape nayonso ikusunga yathu, ya ife amene timadya kuchokera m'menemo tili kutali. Ana a m'kalasi langa adzakhala ndi zaka makumi anayi pamene mphukira za chaka chino zidzakhale mitengo, ngati tizilola kuti ziphuke.